Thuu wa Bambo, Faifi wa Amalume

9 Febuluwale

Okondedwa Amayi,

Kuno kudziko la eni kwacha ndi mvula yowaza, ija imaoneka ngati yosanyowetsa koma ukafika pamsewu malaya akakamira kale pamsana. Madzi akudontha m'chidebe chimene timatchera pakona, sitima yoyamba yadutsa kuseri kwa mpanda, ndipo mayi wa chipinda choyandikana nafe wayamba kale kukalipira ana ake. Ndikulemba nditakhala pabedi. Bambo ndi amalume apita ku ntchito.

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Kamzime. Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha bambo chimene chimadzuka kukazizira. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi pamodzi ndi envulopu ya bambo. Akuti theka mulipire mmisiri wa zitseko, theka mugule feteleza, ndipo mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale wina abwere ndi pakamwa pa shuga. Musamadabwe kuti pafoni ndimangoti ee ndi ayi. Chipinda ndi chimodzi, ndipo achimwene anu ali ndi makutu akuthwa.

Sukulu ikuyenda. Anzanga ndilibe, koma sindinadzere anzanga kuno. Loweruka ndimapitabe kudepoti kukagwira ganyu yophwasula makatoni. Depotiyi simunaione, Amayi. Ndi chinyumba chachitali ngati tchalitchi, chodzaza mashelefu achitsulo mpaka kudenga, ndipo pamashelefupo pali matayilosi, masinki ndi mipando ya chimbudzi yoyera mbee. Bambo ndiwo amayendetsa fokolifiti, chigalimoto cha mano awiri chimene chimanyamula katundu n'kukamusanja pamwamba. Akamabwerera m'mbuyo amapotoza khosi lonse, dzanja lili pamsana pa mpando, ngakhale m'njiramo mulibe munthu. Anyamata amawaseka kuti akufunafuna ndalama imene anataya chaka chatha.

Loweruka lapitali kunabwera mayi wina wa magalasi wochokera ku yunivesite. Akuti akufufuza ngati munthu wodzikhulupirira amagwira ntchito bwino kuposa wodzikayikira. Anasonkhanitsa antchito onse mu kantini n'kuwagawira mapepala a mafunso. Funso lililonse umasankha nambala. Faifi ndiye kuti ndingathe, palibe chondikanika. Wani ndiye kuti sindingathe. Mayiyo ananena kawiri kuti mayina sakuwafuna, ndipo bwana sadzaona pepala la munthu aliyense.

Ine ndinali pakhomo ndi makatoni anga. Amalume anamaliza anzawo asanavundukule n'zolembera zomwe: faifi, faifi, faifi, ngati akudzala chimanga pamzere. Kenako anasuzumira pepala la bambo.

"Alamu, thuu? Apanso thuu? Kodi dzanja lakana kupita kumanja?"

Bambo anati, "Akufunsa ngati ndingathane ndi vuto lililonse limene lingabwere. Ndaliona vutolo? Ntchito yanga aiyamikire ena, alamu. Munthu sadziimbira yekha m'manja."

Amalume anatsomphola pepalalo n'kulikweza m'mwamba. "Tamverani anthuni! Zaka zonsezi timati tili ndi dalaivala, kani tili ndi Madala Thuu!"

Kantini yonse inafa nacho chiseko. Mayi uja anathamanga kukalanda pepalalo, koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Bwana anali ataima pakhomo linalo ndi kapu ya tiyi. Iye yekha sanaseke. Anangowayang'ana bambo nthawi yaitali.

Amayi, munthu ameneyu bambo anamulipirira basi, anamupemphera ntchito, anamugawira bulangete. Ndisanene zambiri, ndi achimwene anu.

Kamzime mumuuze kuti nsapato ndikuzikumbukira.

Ndine mwana wanu.


16 Malichi

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Ndamva kuti dzino lija munakachotsa, mwachita bwino. Ife tilipo.

Envulopu ya mwezi uno ndi yopyapyala. Bambo akuti mmisiri aime kaye, chitseko cha kukhitchini chidikire. Chifukwa chake sakuuzani pafoni, ndiye ndikuuzani ine.

Mwalemba kuti achimwene anu ndi wanthabwala chibadwire, ndisamasunge zinthu kukhosi. Imvani kumene nthabwala yafika.

Mayi wa magalasi anabwera kudzanena zimene wapeza. Anati m'malo ambiri amene wayenda, anthu odzikhulupirira amalimbikira ntchito, sagwa ulesi msanga. Ananenanso zina zambiri, zakuti koma, zakuti nthawi zina, koma bwana anatola mutu wokha n'kusiya thupi. Mapepala sanawaone, n'zoona. Anawafuniranji? Depoti yonse, mpaka mlonda wa pageti, imadziwa kale amene anasankha thuu ndi amene anasankha faifi.

Sabata yotsatira amalume anapatsidwa chovala cha olenji chonyezimira. Tsopano ndi mtsogoleri wa gulu, amalowa mu ofesi osagogoda. Ndipo bwana wayambitsa chinthu chimene akuti n'chodzutsa moto mwa antchito. Loweruka lililonse m'mawa amatulutsa galasi lalikulu la m'bafa, la mtundu umene timagulitsa, n'kulitsamiritsa pakhoma. Anthu amene iye akuti ndi ozizira amaima pamzere. Aliyense amadziyang'ana m'galasimo n'kufuula kuti, "Ndingathe! Ndine wopambana!" Wotsogolera mapemphero amenewa ndi amalume.

Ndinawaona bambo ataima pamenepo, chipewa chili m'manja ngati ali pamaliro. Kumbuyo kwawo kunali anyamata amene iwo anawaphunzitsa kumanga lamba wa katundu.

"Ndingathe," anatero bambo, chapansipansi.

"Sitikumva kumbuyo kuno, Madala Thuu!" anatero amalume. "Kodi achemwali anga munawafunsira ndi mawu amenewo?"

Anthu anaseka. Bambo anabwereza. Amalume anati abwerezenso. Ine ndinali ndi mpeni wodulira makatoni m'manja, ndipo ndinadula katoni imodzi mpaka inasanduka zinyenyeswa.

Madzulo ake bwana anawalanda bambo kiyi wa fokolifiti. Akuti makina amafuna munthu wotentha mtima. Wapatsa kamnyamata kena kamene kamayendetsa katatseka makutu ndi nyimbo. Bambo awapatsa mpukutu wa pulasitiki. Ntchito yawo tsopano ndi kuzungulira katundu wosanjidwa, kumukulunga, kuzungulira, kuzungulira, atawerama, tsiku lonse, ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Malipiro ndi a wokulunga, osati a dalaivala.

Sanalakwitse kanthu, Amayi. Zaka zonsezi sanaswepo ngakhale tayilosi imodzi. Mlandu wawo ndi woti anafunsidwa ndipo anayankha monga munthu woleredwa.

Kunyumba amalume anabwera ndi nkhuku yootcha, akuti tikondwerere chovala. Bambo anadya n'kuthokoza. Ine ndinati m'mimba mukundipota.

Ndine mwana wanu.


20 Epulo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mukupeza bwino ndipo chifuwa cha Kamzime chatha. Ine ndili bwino. Bambo akuti ndilembe kuti ali bwino. Ndalemba.

Akaweruka amaviika mapazi m'beseni, maso ali chitsinzinire, chifukwa akawatsegula chipinda chimazungulirabe. Wailesi sakuitsegulanso. Kusukulu atiuza kuti ndalama ya mayeso a kumapeto kwa chaka ikufunika usanathe mwezi wa Julayi. Nditawauza anangogwedeza mutu n'kuyang'ana madzi a m'beseni. Ndikaphonya mayeso amenewa, zaka zonse zimene ndakhala kuno zapita m'madzi. Mbuzi musagulitsebe, akutero.

Mayi wa magalasi anabwera komaliza. Anapeza galasi lili pakhoma, anthu ali pamzere. Ndinamuona nkhope ikusintha. Analowa mu ofesi, ndipo mawu ake ankamveka panja: "Sizimene ndinanena! Ndinakulonjezani anthu awa kuti…" Bwana anamuthokoza kwambiri chifukwa cha ntchito yabwino n'kumutsegulira chitseko.

Ndinamunyamulira bokosi la mapepala mpaka kugalimoto. Sindikonda kuyamba anthu, koma tsikulo ndinafunsa.

"Mayi, kodi munthu akati ndingathe, ndiye kuti angathedi?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiwe mwana wa ndani?"

"Wa Madala Thuu."

Analandira bokosi lija. Kenako anati, "Pepa. Ndinayenera kuwakhazika motalikirana." Anatsegula galimoto, n'kuimanso. "Kudzikhulupirira kumathandiza munthu amene luso ali nalo kale, kuti asaope kuligwiritsa ntchito. Koma kukakula kuposa luso, n'koopsa. Munthu wotero safunsa, sayeserera, sayang'ananso kumbuyo. Ndinamuuza bwana wanu zimenezi. Sanalembe."

Ine ndinalemba, Amayi, m'mutu.

Ndinamufunsanso kuti nanga kudzikhulupirirako kumakula ndi chiyani. Anati ndi zinthu zingapo, koma chosavuta kwambiri ndi kuuzidwa ndi anthu ena, tsiku ndi tsiku, kuti iwe ndiwe katswiri. Anandipatsa cholembera chake n'kunena kuti ndidzalimbikire sukulu. Ndi chimene ndikulemberachi. Mayi ameneyu ndilibe naye mlandu. Iye anabweretsa mpeni woti tisendere zipatso. Wobaya nawo munthu ndi wina.

Ndinawauzapo bambo kuti tikadandaule. Anati, "Kwa ndani? Za mlamu wanga? Zisiye, mwanawe. Madzi akatayika saoleka."

Inunso mwalemba kuti ndasiya kuwapatsa moni amalume, kuti akudandaula, kuti malume ndi mayi wachimuna ndipo ndiwalemekeze. Ndamva, Amayi. Mawa ndiyamba. Ndidzawalemekeza mpaka inu nomwe mudzadabwe.

Ndine mwana wanu womvera.


25 Meyi

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndakondwa kumva kuti mbuzi yaswa awiri. Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa mpweya umatuluka m'kamwa ngati utsi. Bambo akutsokomola, koma akupita ku ntchito.

Nsalu imene mwalandira ndi yochokera kwa amalume, osati kwa ife. Valani, ndi yabwino. Mu envulopu ya bambo muli ya sopo ndi ya chigayo basi.

Mwati mwasangalala kuti ine ndi amalume tayanjana. Eetu, tayanjana kwambiri. M'mawa uliwonse ndimadzuka iwo asanadzuke, ndimawapukutira nsapato, ndimawakonzera chovala cha olenji pamsana pa mpando. Akamamwa tiyi ndimawauza zimene ndaona.

"Amalume, dzana lija munamukhalitsa chete mlonda. Mawu anu ndi a ubwana."

"Waona eti, Kadzidzi?" Amanditchula choncho chifukwa akuti ndimangotong'ola maso osalankhula. "Kani kadzidzi ameneyu ali ndi nzeru!"

"Bwana akamalankhula amayang'ana inu. Ena aja amangowadutsa."

"Ndi magazi, mwana iwe. Kwathu sitibereka anthu a thuu."

Ananena zimenezi bambo ali pomwepo, akumanga zingwe za nsapato. Ine ndinaseka nawo. Kuseka kwake kunandiwawa m'nthiti tsiku lonse, koma ndinaseka.

Munthu wokonda kutamandidwa ali ngati mphaka, Amayi. Ukamusisita pakhosi amatseka maso yekha. Masiku oyamba ndinkaopa kuti andizindikira, ndiye ndinkathira pang'onopang'ono ngati mchere. Ndaona kuti palibe chifukwa choopera. Ngakhale utakhuthula thumba lonse amati ndiwo zakoma.

Sabata yatha ndinaponya kambewu kena. Tinali panjira yopita kudepoti, bambo ali patsogolo.

"Amalume, chinthu chimodzi chokha chimandinyansa. Kamnyamata ka nyimbo kaja kamakudutsani pafokolifiti kali pamwamba, inu mtsogoleri muli pansi. Anthu osadziwa angaganize kuti wamkulu ndi iko."

"Chigalimoto chimenechija? N'chidole. Ndikanafuna ndikanachiyendetsa dzulo."

"Ndikudziwa, amalume. Ngati Madala Thuu anachitha, nanga inu a faifi?"

Mawu amenewo, Madala Thuu, anatuluka pakamwa panga, Amayi. Ndinawalavula ngati mankhwala owawa, koma anagwira ntchito. Amalume anayenda ulendo wonsewo akupotoza manja m'malere ngati agwira chiwongolero.

Nthawi zina ndikamapukuta nsapato ndimapeza bambo akundiyang'ana pamwamba pa kapu. Mwina akuganiza kuti nanenso ndawathawa, ndapita kumene kuli nkhuku yootcha. Apirire pang'ono.

Kodi mukukumbukira mmene mumaigwirira nkhuku ija yothawathawa? Simuithamangitsa. Mumaiwazira chimanga mpaka ilowe yokha m'khitchini.

Ndine mwana wanu.


15 Juni

Amayi,

Moni kwa nonse. Tili bwino. Ndilemba mwachidule chifukwa adalaivala anyamuka msanga lero.

Ya mayeso sinakwanebe. Bambo apempha kuti azigwira ndi Lamlungu lomwe, bwana akuti aganiza. Malata a khola akuti muwatsindike ndi miyala mphepo isanayambe.

Amalume akwera kale fokolifiti kawiri. Amachita nthawi ya chakudya cha masana, anthu onse ali ku kantini, kamnyamata kaja katapita kukagula tchipisi. Kiyi amatenga pamsomali mu ofesi, popeza masiku ano ofesi ndi kwawo. Laisensi alibe, koma akuti laisensi ndi pepala la anthu amantha. Ine ndimaima pakhomo kuwaonera anthu, ndipo akatsika ndimawaombera m'manja.

Ulendo wachiwiri bambo anatipeza. Sanakalipe. Anadikira amalume azimitse injini.

"Alamu, chimenechi si galimoto. Chimakhota ndi matako. Mukapotoza kutsogolo, kumbuyo kumakamenya kumene simukuyang'ana. Ndipo katundu akakhala m'mwamba musayende. Ngati mukufuna, ndikuphunzitsani bwinobwino Lamlungu."

Amalume anaseka mpaka kugwira bondo. "Wamva, Kadzidzi? Thuu akufuna kuphunzitsa faifi! Nsanje, alamu, nsanje. Pitani mukazungulire."

Bambo anatola mpukutu wawo n'kupita.

Madzulo ndinawauza amalume kuti kuyendetsa pansi ngakhale mwana angathe. Chimene chimasiyanitsa amuna ndi anyamata ndi shelefu yapamwamba penipeni, kumene kumakhala mipando ya chimbudzi yodula ija. Ndinati kamnyamata kaja kamanjenjemera kakamatsitsa kumeneko, ndipo bwana atamva kuti mtsogoleri wake watsitsa yekha, osaphunzitsidwa ndi munthu, ndani akudziwa chovala chimene angamupatse.

Anangoyang'ana kudenga akumwetulira.

Mwandifunsa chifukwa chake makalata anga akumveka ngati a munthu wamkulu. Ndi kuzizira, Amayi, kumakalambitsa.

Ndine mwana wanu.


29 Juni

Amayi!

Moni, moni, tili bwino, palibe wavulala, yambani mwamva zimenezo. Ndikulemba bambo ndi amalume asanabwere. Ndathamanga njira yonse.

Nkhuku yalowa m'khitchini.

Lero masana anthu atapita ku kantini, amalume anandikodola. "Tiye, Kadzidzi, ukaone amuna." Anakwera, anaimika mano aja m'mwamba mpaka kudenga, anawalowetsa pansi pa katundu. Ndisaname, anamunyamula bwino. Katundu anatuluka pashelefu, ali lendelende kumwambako, mipando khumi ndi ingapo yoyera. Anandiyang'ana n'kukweza chala chachikulu. Ine ndinati, "Mungathe, amalume!"

Ndiye anabwerera m'mbuyo. Katundu sanamutsitse. Khosi silinapotoke ngakhale pang'ono, maso anali pa ine, kufuna kuona ngati ndikuombera m'manja. Anapotoza chiwongolero, matako a chigalimoto anakamenya mwendo wa shelefu ya kumbuyo.

Amayi, phokoso lake! Shelefu inagwada ngati ngamila, inakankha inzake, ndipo zimbudzi zinayamba kugwa ngati matalala. Masinki, matayilosi, ngakhale galasi lija la ndingathe linali chapomwepo, laphwanyika. Fumbi loyera linadzaza depoti yonse. Litachepa ndinawaona amalume atatsika, ataima pakati pa zigoba, oyera kuyambira tsitsi mpaka nsapato zimene ndinapukuta m'mawa, pakamwa pali yasa. Faifi yense anathera m'thalauza.

Woyamba kufika anali bambo, chifukwa amadyera chapafupi, paokha. Anayang'ana amalume, anayang'ana shelefu, anayang'ana ine. Kenako anthu anakhamukira, bwana akukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha, ndipo mlonda anatithamangitsa tonse a ganyu n'kutseka geti.

Sindinaone zotsatira, koma n'zosachita kufunsa. Munthu wopanda laisensi, woba kiyi, waphwanya katundu wa ndalama zimene sitidzazigwira m'moyo wathu. Chovala cha olenji chatha. Bwana adziwa lero kuti faifi wake ndi wotani, ndipo Lolemba adzafuna munthu amene amayang'ana kumbuyo. Alipo mmodzi yekha.

Mukamva kuti achimwene anu akubwera, muwakonzere mphasa. Musawakalipire kwambiri. Ingowafunsani kuti kodi angathe.

Mmisiri muuzeni akonzeke, chitseko chija tichimaliza. Ndaika madzi pamoto kuti bambo akafika ndiwapangire tiyi wa mkaka. Ndawatsegulira ndi wailesi yomwe.

Ndine mwana wanu wokondwa.


27 Julayi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo. Pepani kuti ndakhala chete mwezi wonse. Kalata yanu ndinailandira, ndipo mwafunsa funso limodzi katatu: zatheka bwanji, poti ndinalemba zina? Mwati bambo sakuyankhani, amangokhala pakhonde kuyang'ana mbuzi. Ndiyankha ine.

Tsiku lija tiyi anazizira. Atafika, amalume anali atavalabe chovala cha olenji. Bambo anali atanyamula kathumba ka pulasitiki, muli kapu yawo, mbale yawo ndi nsapato za ku ntchito.

Kudepoti kuja, bwana atafunsa kuti wayendetsa ndani, amalume anangoti kakasi. Bambo anaponda patsogolo n'kunena kuti, "Ndine. Ndinachisowa chigalimoto changa, ndinatenga kiyi." Amalume sanatsutse. Mlonda anandiuza pambuyo pake kuti bwana sanafunsenso funso lachiwiri. Anangoti, "Ndinadziwa. Munthu wosadzikhulupirira ndi ngozi yoyenda." Anawachotsa pomwepo, ndipo ndalama zawo za zaka zonse zapita ku zimbudzi zosweka. Kalata imene anawalembera, palibe depoti ina ingawalandire nayo.

Ndinaimirira kuti ndibwerere kudepoti, ndikanene zimene ndinaona ndi maso anga. Bambo anandigwira pamkono. Sindinkadziwa kuti dzanja lawo ndi lolimba choncho.

"Khala pansi. Mapepala a amalume ako okhalira m'dziko muno anatha chaka chatha. Ine ndili ndi laisensi, kwa ine ndi ngozi ya pantchito, andichotsa basi. Iwowa bwana akanaitana apolisi. Akazi awo kumudziko ali ndi pakati. Ndikanalowa bwanji pakhomo pa amako, mlongo wawo ndamusiya m'ndende ya eni ake?"

Ndinati, "Munthu amene anakuchititsani manyazi pagalasi?"

Anati, "Manyazi sapha. Ukatsegula pakamwa, si iwe mwana wanga."

Kenako anatembenukira kwa amalume, amene anali atakhala pabedi, nkhope ili m'manja. "Alamu, sindikufuna zikomo. Mwanayu atsala ndi inu. Lendi, chakudya, mayeso, mpaka amalize. Mukaphonya mwezi umodzi, ndidzawauza achemwali anu ndi pakamwa panga." Amalume analira ngati mwana. Ya mayeso analipira Lolemba lomwelo. Risiti ndili nayo.

Podikira basi yowabwezera kumudzi, bambo anandigulira buledi ndi chakumwa ngati ndine wopita. Tinakhala pabenchi. Basi italiza hutala anaimirira, anakonza chipewa, n'kunena osandiyang'ana:

"Ndinkakumva m'mawa uliwonse ukupukuta nsapato zija. Poyamba ndinkati wandithawa. Tsiku lija nditakuona nkhope m'fumbi muja, ndinadziwa. Unayendetsa bwino, mwanawe. Koma unayang'ana kutsogolo kokha."

Anakwera. Pawindo sanandibayibitse, anali akuthandiza mayi wina kukweza katundu.

Musaganize kuti mtima wanga waphwa. Bwana anagula galasi lina, ndipo Loweruka amalume amatsogolerabe anthu kufuula, ngakhale mawu awo sakufikanso kumbuyo. Tsopano m'chipinda muno tilimo awiri. Ndimadya buledi wawo, ndimawerengera nyali imene iwo alipira. Anandipempha kuti ndisiye kuwapukutira nsapato. Sindinasiye. M'mawa uliwonse ndimaziika pafupi ndi bedi lawo zikuwala, ndimawapatsa tiyi ndi manja awiri, ndipo akamatuluka ndimati, "Mungathe, amalume." Tiyi amatayikira m'mbale. Dzulo anati, "Kadzidzi, ndimenye kusiyana n'kumatero." Sindiwamenya. Mayeso ali kutali, m'mawa ndi wambiri.

Koma ndikagona pabedi la bambo, pilo amanunkhabe mafuta a injini, ndipo pamenepo sindidziwa kuti ndikwiyire ndani.

Mbuzi imodzi gulitsani, muwagulire mankhwala a chifuwa. Akakana muwauze kuti ndanena ine. Musawafunsenso za kudepoti. Nsapato za Kamzime zili pansi pa chikwama chimene ndapatsira adalaivala, ndazikulunga m'juzi. Chitseko cha kukhitchini mwina akhoma okha, manja akawayabwa.

M'kalata ija ndinalemba kuti muyale mphasa ya munthu mmodzi, ndipo munthu mmodzi anabweradi. Amene anatsika basi kumeneko ndi bambo, ndi chikwama chimodzi, bulangete ndi wailesi. Amalume sanabwere. Ine sindinabwere.

Ndine mwana wanu.